Kudya wekha: chisangalalo kapena kusowa anzako?

Kale munthu wodya yekha m'lesitilanti ankaoneka ngati womana kapena wosowa abale. Lero eni malesitilanti m'maiko olemera akumukonzera tebulo lakelake.

Ku South Korea, komwe mu 2023 m'nyumba zoposa 35 mwa 100 zilizonse munkakhala munthu mmodzi, kudya wekha kuli ndi dzina lake, honbap. Ku Amsterdam, lesitilanti ya Eenmaal idatsegulidwa mu 2013 ndi matebulo a munthu mmodzimmodzi basi.

Okonda mchitidwewu amati munthu akakhala yekha amadya mosathamanga, n'kumamva bwino momwe vinyo woyera amayenderana ndi nsomba, kapena wofiira ndi nyama yowotcha.

Komabe lipoti la World Happiness Report la 2025 lidapeza kuti odya ndi anzawo kawirikawiri amakhala osangalala kuposa odya okha. Ku America, mu 2023 pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi aliwonse adati dzulo lake adadya yekha tsiku lonse.

Nkhani yagona pa kusankha. Wodya yekha mwakufuna kwake palibe chomudandaulira, koma wodya yekha chifukwa abale adamuiwala, ngakhale vinyo wodula sangamutonthoze.