Malo Opanda Nyumba Sikuti Alibe Mwini

Chitsegulireni chipata chatsopano cha Mwami mu 2022, ofuna malo akuchulukira pa Mchinji Boma ndi pa Kamwendo. Pa tchuthi ena a ife amatituma kuti: "Ukaona puloti yosamangapo, jambula unditumizire pa WhatsApp, ulandira kangachepe."

Ndalama ya fizi tikuifunadi. Koma tchire tikujambulalo nthawi zambiri ndi tsala la mbumba, kapena malo odikira ana amasiye kuti akule. Malume mmodzi akagulitsa mwamseri, otsala akulira ndi alongo ake, ndipo wolozera njira ndife.

Tisanatumize chithunzi, tiyambe tafunsa amfumu ndi banja lonse. Mawa tidzaima m'kalasi pamaso pa ana a m'mudzi womwewo. Tidzawayang'ana ndi nkhope yanji?