Deti pa pepala ndi chiyambi cha chilungamo mu ofesi

"Fayilo yanu sikuoneka, mubwerenso sabata yamawa." Mawu amenewa amanenedwa mosavuta pawindo la ofesi, koma amene akuwamva amakhala kuti wagulitsa nkhuku kapena wakongola ndalama ya minibasi kuti afike paboma. Mwina ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene akutsatira penshoni yake, mwina ndi mayi wamasiye amene akufuna kalata ya malo amene mwamuna wake adasiya. Ine ndagwira ntchito ya ukalaliki kwa nthawi yaitali, ndipo ndikunenetsa kuti mafayilo ambiri amene timati asowa amakhala ali m'chipinda momwemo. Vuto limakhala lakuti mapepala adaunjikidwa popanda kutsata madeti, ndiye palibe amene akudziwa poyambira kufufuza.

Ambiri amaganiza kuti kusanja mapepala ndi kantchito ka mesenjala kapena ka mwana amene wangoyamba kumene ntchito. Maganizo amenewo ndi amene awononga maofesi athu. Kusunga mapepala motsata madeti ndi ntchito yaikulu, chifukwa ndi yomwe imatsimikiza kuti wobwera poyamba athandizidwe poyamba.

Njira yake si yachilendo. Akuluakulu amene adatiphunzitsa ntchito ku rejisitire ankaigwiritsa ntchito kompyuta isanabwere. Kalata ikangofika, imadindidwa chidindo cha deti la tsiku lomwelo, ngakhale wolembayo atakhala kuti adailemba mwezi watha. Kenako imalembedwa m'kaundula wa makalata olowa: tsiku lofika, kumene yachokera, nkhani yake mwachidule, ndi fayilo imene yalowamo. Nkhani iliyonse kapena munthu aliyense amakhala ndi fayilo yake, ndipo m'kati mwa fayiloyo pepala lakale limakhala pansi, latsopano pamwamba. Pepala lililonse limapatsidwa nambala pakona, kuyambira 1 kupita m'tsogolo. Bwana akaitanitsa fayilo, pamalo pake pamatsala kakhadi kosonyeza amene waitenga ndi tsiku limene waitengera. Fayilo ikanenepa kwambiri imatsekedwa, pachikuto n'kulembapo deti la pepala loyamba ndi la pepala lomaliza, kenako n'kutsegula gawo lachiwiri.

Taonani zimene njira imeneyi imachita. Ngati m'fayilo muli tsamba 14 ndi tsamba 16, aliyense aona kuti tsamba 15 lachotsedwa, ndipo kakhadi kaja kanena amene adaigwira komaliza. Ngati kalata ya pa 3 Malichi sinayankhidwe koma ya pa 20 Malichi yayankhidwa kale, wina ayenera kufotokoza chifukwa chake. Apa ndi pamene ndimati deti ndi mdani wa ziphuphu. Pamene mapepala ali mbwee patebulo, kalaliki wosakhulupirika amatha kubisa fayilo mpaka mwini wake atulutse "ya fanta", n'kuipeza m'mphindi zochepa. Pamene kaundula akuonetsa mndandanda wa madeti, kudumphitsa mzere kumaonekera poyera. Anthu ena sakonda dongosolo chifukwa chisokonezo chimawadyetsa.

Dziko lathu lidalawa kale kuwawa kwa kutaya zikalata. Mu 1919 moto udapsereza maofesi aakulu a boma la atsamunda ku Zomba, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za Nyasaland zidathera pomwepo. Nyumba yosungiramo zikalata zakale za dziko lino, imene lero timaitcha National Archives of Malawi, idatsegulidwa ku Zomba komweko mu 1947. Koma nyumba imeneyo imangolandira zimene maofesi asunga bwino. Ngati kalaliki wa kuboma waunjika mapepala m'katoni pansi pa denga lodontha, chiswe ndi makoswe n'kumalizitsa, ku Zomba sikudzafika kanthu.

Chitsanzo china n'chapafupi. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, kampani yofufuza za ndalama ya Baker Tilly idapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Gawo lina la ndalamazo lidalipiridwa popanda zikalata zotsimikiza kuti ntchito idagwiridwa kapena katundu adaperekedwa, ndipo zolembedwa zina zidafufutidwa m'makina a boma a IFMIS. Sindikunena kuti chidindo cha deti chikadaletsa mbava zonse. Koma vawucha imene ili pamalo pake, ndi nambala yake, pakati pa ya dzulo ndi ya mawa, njovuta kuibisa kapena kuipeka pambuyo pake.

Masiku ano palinso lamulo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2016, lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lamuloli limati ofesi imene yapemphedwa uthenga iyankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Kodi masikuwo mudzawawerenga kuyambira pati ngati pempholo silidadindidwe deti? Nanga mudzayankha bwanji pa nthawi yake ngati chikalata chofunidwacho chili m'thumba la saka kuseri kwa kabati? Ufulu umene udalembedwa m'lamulo umafera pashelefu yosasanjidwa.

Ndikudziwa zimene anzanga ena anganene. Adzati maofesi alibe zipangizo, mafayilo sagulidwa, makabati adathyoka, ndipo kalaliki mmodzi akugwira ntchito ya anthu atatu pamalipiro osakwana mwezi. Izi n'zoona, ndipo mabwana amene amapeza ndalama za misonkhano ya kunyanja koma n'kusowa ndalama ya chidindo ndi inki ayenera kuchita manyazi. Komabe chidindo chikasowa, cholembera chimalemba deti. Kaundula akatha, kope la sukulu limagwira ntchito yomweyo. Ndidaonapo ofesi ya sukulu ya kumudzi imene mphunzitsi wamkulu ankasunga makalata m'makatoni a sopo, katoni iliyonse ili ndi chaka chake, itaikidwa pamwamba pa njerwa kuopa chinyezi. Mwana akabwera kudzafuna kalata yotsimikiza kuti adaphunzira pamenepo, ankangofunsidwa chaka chimene adalembera mayeso, kalata n'kutuluka. Ndidaonanso ofesi ya makabati achitsulo onyezimira imene munthu ankatha tsiku lonse kufunafuna pepala limodzi.

Ena adzati zonsezi n'zachikale, tiike zonse m'kompyuta basi. Kompyuta ndi yabwino, koma siisintha khalidwe la munthu. Amene amaunjika mapepala patebulo adzaunjikanso mafayilo m'kompyuta, onse atatchulidwa kuti "kalata yatsopano". Palinso msampha wa kalembedwe ka deti. Kuno kwathu 03/04 ndi pa 3 Epulo, koma kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imawerenga kuti ndi pa 4 Malichi. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti dzina la fayilo ya m'kompyuta liziyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2024-04-03, ndipo pambuyo pake pabwere dzina la nkhaniyo. Mukatero makinawo amasanja okha kuyambira zakale kufika zatsopano. Papepala, lembani dzina la mwezi m'mawu kuti pasakhale kukangana. Ndipo musaiwale kuti magetsi amazima, makina amawonongeka, choncho pepala lenileni lisungidwebe.

Ku maofesi a zandalama ndiwonjezere ziwiri. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, osati Julayi mpaka Juni ngati kale. Mavawucha ndi malisiti azitsekedwa motsata chaka chimenecho, mwezi ndi mwezi, kuti ofufuza mabuku akabwera musagone mu ofesi usiku kusanja za chaka chonse. Chachiwiri, malisiti otuluka m'timakina ta m'masitolo amafufutika pakapita miyezi. Achititseni fotokope akadali owerengeka, n'kumata lisitilo pafotokopeyo.

Chinsinsi chachikulu ndi kusazengereza. Pepala lilowe m'fayilo tsiku lomwe lafika. Mphindi zochepa musanaweruke n'zokwanira kusanja za tsikulo, koma mukazisiya kwa mwezi zimasanduka mulu umene aliyense amauopa. Makolo adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Izi zikukhudzanso mlembi wa tchalitchi, msungichuma wa banki m'khonde, mlembi wa a mfumu amene amalemba za malire a minda, ngakhale inu kunyumba kwanu: malisiti a fizi, makalata a lendi ndi mapepala a kuchipatala akhale m'chikwama chimodzi cha pulasitiki, motsatana madeti.

Kwa inu mabwana, pempho langa ndi lakuti muzilowa ku rejisitire. Tsegulani kaundula, sankhani kalata imodzi ya mwezi watha, muitanitse, muone kuti itenga nthawi yaitali bwanji kupezeka ndiponso ngati idayankhidwa. Gulani chidindo, lemekezani kalaliki amene amasunga dongosolo, ndipo inunso muzibweza mafayilo amene agonera patebulo panu. Kwa inu amene mumapereka makalata m'maofesi, pitani ndi makope awiri, pemphani kuti kope lanu lidindidwe deti ndi kusainidwa, ndipo mulisunge bwino. Ndi ufulu wanu, ndipo tsiku lina umboni umenewo udzakuthandizani.