Musanapite nawo amayi kunyanja, ganizirani za mchenga

Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, magalimoto amachita kutsatana pa msewu wa M5 kulowera ku Sanga, Chintheche ndi Kande. Ana atenga makolo kuti akapitidwe mphepo kunyanja. Chitenje chatsopano chagulidwa, nkhuku yakazingidwa, koma funso limodzi limakumbukika galimoto itaima kale: kuchoka pano kukafika kumadzi uko, amayi ayenda bwanji ndi maondo awo aja?

Kumalo osangalalira akunja, monga Disney World ku America, wilitcheya umabwereka pageti ndipo njira zake n'zosalala. Kuno njira ndi mchenga, mizu ya mitengo ndi masitepe otsetsereka. Ndiye posankha chothandizira kuyenda, musayambe ndi mtengo wake kapena kukongola kwake. Yambani ndi pamene adzaponde.

Mabanja ambiri a ku Nkhata Bay ali ndi mwana ku Joni, ndipo akamva kuti ama akuvutika miyendo, amatumiza wilitcheya. Mtima wake ndi wabwino zedi. Koma wilitcheya zambiri zotere zinapangidwira pasimenti ya m'chipatala. Timatayala take takutsogolo timazama mumchenga mukangokankha pang'ono, ndipo wokhalapoyo akhoza kugwa chafufumimba. Ngati amayi sangayende n'komwe, itengeni ndithu, koma mukafika pamchenga muipendeketse kuti timatayalato tikwere m'mwamba, n'kumaikoka chambuyo pa matayala akuluwo. Pakhale anthu awiri amphamvu, osati kamdzukulu ka Sitandade 5. Chogwirira cha miyendo inayi chija nachonso n'cha pakhonde, mumchenga chimangowatopetsa.

Kwa kholo loti limayenda koma limatopa msanga, ine ndimaona kuti ndodo yabwino ndi mpando zimaposa wilitcheya. Mpando wapulasitiki womwewu, wokhala ndi poika mikono, chifukwa vuto la okalamba ambiri si kukhala pansi koma kudzuka. Mphasa isiyireni ana.

Ndodoyo iyesedwe. Amayi aime chilili atavala nsapato, manja ali pansi: chogwirira chifike pamene timavala wotchi. Ikatalika imapweteketsa phewa, ikafupika amayenda chowerama. Aigwire ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino, osati wopwetekawo. Apa ambiri timasokoneza. Pokwera masitepe utsogole mwendo wamphamvu. Potsika itsogole ndodo ndi mwendo wopwetekawo. Onaninso kamphira kakunsi, chifukwa kakatha ndodo imaterereka pasimenti yonyowa ya kubafa. Ngati mungathe, pitani nawo kaye kwa a mafizo kuchipatala cha boma ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu Central kuti akawaone mayendedwe. Ikafunikadi wilitcheya, funsaninso za bungwe la MAP, lomwe limapanga njinga za olumala zoganizira misewu yathu.

Mchenga wa Okutobala ukafika masana umaotcha ngati chiwaya. Munthu wodwala shuga nthawi zina samva kutentha kumapazi, moti akhoza kupsa osadziwa, chilonda chake n'kuvuta kupola. Nsapato zomanga zisavulidwe, ndipo mapatapata asiyidwe kunyumba. Fikani m'mawa, ndipo akamayenda atsate mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa madzi, womwe ndi wolimba. Muimbirenso foni malo amene mukupitawo: galimoto imaima patali bwanji ndi mthunzi, masitepe ndi angati, chimbudzi n'chokhalira kapena chonjuta? Funso lomalizali timachita nalo manyazi, koma ndi limene limathetsa ulendo msanga.

Ndiye pali nkhani ya ulemu. Mayi amene analera ana ndi dengu la usipa pamutu sangakondwe kukankhidwa pagulu ngati katundu. "Kodi ndine wodwala ine?" Akatero musakangane nawo. Afunseni kudakali masiku, muwapatse ndodoyo aizolowere pakhomo, popita kutchalitchi kapena kumsika. Wilitcheya ikhoza kukhala m'galimoto, osaitchula mpaka ataifuna okha. Afunseninso kumene akufuna kupita. Ena nyanja anaiona mpaka kutopa nayo. Chimene akulakalaka ndi kukaona tchalitchi chakale cha ku Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia anasamukira mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear, kenako n'kukadya kondowole ndi batala pamthunzi.

Za ku Usisya zokha ganizani kawiri. Ilala ikafika kumeneko imaima pakuya, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono, ndipo pofika kumtunda amaponda m'madzi. Pamenepo ndodo kapena wilitcheya sizithandiza. Amayi adzafunika kunyamulidwa, ndiye muyambe mwamva ngati iwo akuvomera.