CHENJEZO: Musakongole Podalira Bonasi

Kwa onse olandira malipiro a pamwezi: musatenge ngongole kapena kulonjeza munthu ndalama podalira bonasi imene abwana anu alengeza. Ndalama yolembedwa pakalata yolengeza bonasiyo si imene idzalowe mu akaunti yanu. Bonasi, kaya ndi ya Khrisimasi kaya ya mwezi wa 13, ndi malipiro ngati ena onse, ndipo amaidula msonkho wa PAYE musanaigwire m'manja.

Ambiri amaganiza kuti bonasi idulidwa pang'ono ngati malipiro a mwezi uliwonse. Sizitero. Msonkhowu uli ndi magawo: gawo loyamba la malipiro silidulidwa kanthu, koma ndalama zikamakwera msonkho nawonso umakwera. Bonasi ikaphatikizidwa ndi malipiro a mweziwo, gawo laulere lija limakhala litadyedwa kale ndi malipiro anu, choncho bonasi yonse imagwera m'magawo apamwamba.

Titengere magawo amene anayamba mu April 2024. K150,000 yoyamba inalibe msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse, ndipo yopyola pamenepo mpaka K2,550,000 inkadulidwa K30. Munthu wolandira K400,000 ankadulidwa K62,500 pamwezi. Akamuwonjezera bonasi ya K400,000, zonse pamodzi zinkakwana K800,000 ndipo msonkho unkafika K177,500. Ndiye kuti pa bonasi yokhayo boma linkatenga K115,000, mwini wake n'kutsala ndi K285,000. Amene anakongola K400,000 kwa katapila mu November ankalowa January ngongole ikubereka, fizi ya ana ikudikira, chimanga kumunda chikufuna feteleza wobereketsa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chitani izi mwezi wolandira usanafike. Pitani kwa owerengera malipiro kuntchito kwanu, muwafunse ndalama yeniyeni imene itsale msonkho ukachoka. Magawo a msonkho amasintha nduna ya zachuma ikapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, choncho funsani amene akugwira ntchito panopa. Mukalandira, onani pakapepala ka malipiro kuti bonasi ndi msonkho wake zalembedwa poyera, ndipo kasungeni bwino. Ngati masamu ake sakukumvekerani, kafunseni ku ofesi ya bungwe lotolera msonkho la MRA imene muli nayo pafupi.

Inunso olemba anthu ntchito, udindo wodula msonkhowu ndi wanu. Lamulo likufuna kuti ndalamazo zifike ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Kupereka bonasi mu envulopu osadula msonkho, kapena kudula koma osapereka ku boma, ndi mlandu, ndipo chindapusa chake chigwera inu. Auzeni antchito anu msanga ndalama imene adzalandiredi.

Uthengawu uzani anzanu kuntchito ndi kubanki mkhonde. Bajeti ya December ipangidwe pa ndalama yotsala msonkho utachoka, ndipo ngongole iliyonse idikire kaye mpaka mutaona kapepala ka malipiro.