Kanema wa Kivalina tisamuonere patali

M'mudzi wa Kivalina ku Alaska, kumpoto kwa America, mumakhala anthu pafupifupi 400 a mtundu wa Iñupiat. Kale madzi oundana ankatchinga mafunde a nyanja, koma poti dziko likutentha, madziwo akumachedwa kuundana ndipo mafunde akukokolola mudziwo.

Mu 2008 anthuwa adasumira ExxonMobil ndi makampani ena a mafuta ndi magetsi, koma makhoti adaukana mlanduwo. Kanema wotchedwa Kivalina, yemwe Gina Abatemarco adatulutsa mu 2016, ndiye adawapatsa mpata wofotokoza okha za ulenje wawo ndi nkhawa yosamuka pamalo a makolo.

Makanema otere tiziwaonera pamodzi ndi ana athu, osangoti a karate okhaokha. Namondwe Freddy adatiphunzitsa mu 2023 kuti owononga chilengedwe ndi ena, olira ndi ena. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.