Mwaikweza mphuno pikapu, tsopano ikugogoda

Sabata yatha, pa galaja ina ya pansi pa mtengo kuseri kwa msika, ndinapeza Hilux yonyezimira ili pa jeki, tayala lakutsogolo atalichotsa. Mwiniwake ankangobwereza mawu amodzimodzi: "Ndikangotsika hampu ikumati gu! Kale sinkatero ayi." Makaniko anayatsa tochi ya pafoni, n'kuwalitsa m'katimo, n'kuloza ndi chala. Pa sipuling'i penti inali itakanduka, chitsulo chili mbee. Pa control arm yam'mwamba panalinso bala lotero. Zitsulo ziwiri zosayenera kukhudzana zinkamenyana. Pamwamba pa shokapu panali kachitsulo kozungulira kofiira, kooneka kuti sikanachokere ku fakitale.

"Bwana, aka munaikitsa liti?"

"Mwezi watha. Ndimangofuna ikhale levulo."

Kachitsulo kameneka amakagulitsa m'paketi yotchedwa leveling kit. Ndi fasho yotchuka ku America, kwa eni Ford F-150 ndi anzake, komanso ku South Africa. Kwathu kuno yalowa chifukwa mapikapu ambiri amene tikuyendera ndi omwewo a kumwerako: Hilux amaipanga ku Durban, Ranger ku Silverton, ku Pretoria. Munthu akaona pa Facebook galimoto yofanana ndi yake itaima njo, mphuno ndi kumbuyo zili mzere umodzi, mtima umamuuza kuti yakeyo ndi yolumala.

Si yolumala. Inu ndi ine tikudziwa chifukwa chake pikapu yopanda katundu imaima chozyolika, kumbuyo kutakwera. Anaipangira kunyamula pafupifupi tani imodzi, kunena kwake matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Mukawasanja, masipuling'i akumbuyo amagonja, galimoto n'kukhala levulo yokha. Kuzyolika kumene kukukunyansaniko ndi malo amene anasungira katundu wanu. Mukakweza mphuno galimoto ili yopanda kanthu, tsiku lokatenga chimanga kumudzi kumbuyo kudzatsika, mphuno idzaloza kumwamba, ndipo chiwongolero chidzapepuka m'manja pa nthawi imene mukufuna chigwire.

Nanga kugogodako? Kuyambira pa Hilux ya 2005, ija timaitcha Vigo, tayala lililonse lakutsogolo limalendewera pa mikono iwiri yotchedwa ma control arm, wam'mwamba ndi wam'munsi, shokapu ndi sipuling'i zili pakati. Mikonoyi ili ndi mtunda woyezedwa woti ikwere ndi kutsika. Kachitsulo kaja kamakankhira shokapu yonse pansi, ndiye mikono imakhala yotsika kale galimoto itangoima. Ndipo popeza shokapu inamangidwa chapakati pa mkono wam'munsi, osati kumapeto, kachitsulo ka mamilimita 25 kamakweza mphuno ndi mamilimita 40 kapena kuposerapo. Tayala likagwera m'dzenje, mkono wam'mwamba umatsika kupitirira pamene anaulembera, n'kukamenya sipuling'i. Gu uja ndi ameneyo. Ball joint imakhala itapindika mpaka pa malire ake, labala wake amang'ambika, girisi n'kutuluka, fumbi la mu Okutobala ndi matope a mu Januwale n'kulowa. Ngati galimotoyo ndi ya 4x4, ma CV joint nawo amazungulira atapendekeka, ndipo malabala awo amatha msanga. Alayimenti imasokonekera, tayala n'kuyamba kudyeka mbali imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ball joint ikathothoka galimoto ikuyenda, tayala limapindikira pansi pa galimoto, ndipo pamenepo nkhani siikhalanso ya phokoso.

Ambiri salekera pomwepo. Mphuno ikakwera, pamwamba pa tayala pamaoneka mpata, ndiye amachotsa matayala a 265/65 R17 n'kuika a 285/70 R17. Mpatawo umaoneka galimoto itaima. Mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto, kapena tayala likakwera pa mwala, limakhula pulasitiki yam'kati ndi chotchinga matope. Kenako mumva chopukusira chikulira pa galaja, anyamata akudula mapulasitiki, ena akumenya chitsulo ndi hamala pa galimoto ya mamiliyoni ambirimbiri. Tayala latsopanolo ndi lalikulu ndi 7 peresenti, choncho singano ikamaloza 100 inu mukuthamanga 107, ndipo kamera ya apolisi apamsewu imawerenga 107 yomweyo.

Wina anena kuti misewu yathu ndi yoipa, galimoto imafunika ikhale yokwera. Zoona, ndani sadziwa msewu wakumudzi mvula ikagwa, mathirakitala ndi malole a fodya atakumba mikwasa iwiri, pakati patatsala chitunda? Koma gwadani muyang'ane pansi pa pikapu yanu. Chimene chili pafupi kwambiri ndi nthaka kumbuyoko ndi difu, ndipo difu imakhala pa ekiselo. Kwezani mphuno mmene mungathere, difu ikhala pomwe inali. Chimene chimaikweza ndi tayala lokha, ndipo matayala aakulu aja amaikweza ndi mamilimita 27 basi. Chitunda chimene chinkakugwirani chaka chatha chikugwiraninso chaka chino.

Koma chimene chimandiwawa ine kwenikweni ndi magetsi. Ndakhala ndikudandaula za madalaivala osadziwa kuika dimu, ndipo sindisiya. Tsopano kwabwera gulu lina: munthu waika dimu ndithu, mtima wake uli m'malo, koma popeza mphuno anaikweza ndipo kumbuyo kuli katundu, dimu yakeyo ikulasa m'maso mwa amene akubwera. Mumuphethirira, iye n'kukwiya, n'kukuyatsirani fulu kuti muone kusiyana kwake. Aliyense amene anayendapo usiku pa msewu wa M1, kudutsa pa Lizulu kapena pa Tsangano tsiku la msika, akudziwa zimene zimakhala m'mphepete mwa msewu: akabaza opanda nyali, amayi osenza mitolo, ana, mbuzi. Kamphindi kamene maso anu achita khungu n'kokwanira kuti mugunde munthu amene simunamuone n'komwe. Mwini galimoto yokwezedwayo amakafika kwawo osadziwa chimene wasiya m'mbuyo.

Galimoto ndi yanu, ndalama ndi zanu, sindikuletsani. Koma ngati mwaikweza, malizani ntchitoyo. Kukwezako kusapitirire mainchi awiri. Gulani ma control arm am'mwamba opangidwira galimoto yokwezedwa, amene amabweza ball joint m'malo mwake ndi kusiya mpata pa sipuling'i. Makaniko amange mabawuti a mabushi galimoto itaima pa matayala ake, osati ili pa jeki, apo ayi mabushiwo apotoka n'kung'ambika. Asanabweze tayala, aisiye mikono ilendewere mpaka pansi, inu muone ndi maso anu ngati pali chokhudzana. Mukapangitse alayimenti tsiku lomwelo. Ndipo madzulo ake, ikani katundu amene mumanyamula nthawi zambiri, imitsani galimoto pamalo athyathyathya moyang'ana khoma, yatsani dimu, mutsegule boneti, mupotokole sikuluu ya kuseri kwa nyali mpaka kuwala kutsike pansi pa msinkhu wa nyalizo.