Zoluka pamanja zakwera ulemu, mtengo wake ukwerenso

Zovala zoluka, zimene kale zinkatengedwa ngati za makanda ndi nkhalamba zokha, tsopano zalowa m'fashoni. M'mizinda ngati Tete, Maputo ndi Lilongwe, atsikana akuvala malaya oluka a mabowomabowo, zipewa zooneka ngati kandowa ndi zikwama zolumikiza tizigamba ta mitundumitundu. Khalidweli lidakula m'chaka cha 2020, pamene matenda a Covid-19 adatsekera anthu m'nyumba m'maiko ambiri, ndipo achinyamata adayamba kuluka n'kumaonetsana pa TikTok ndi Instagram. Mu 2021, pa masewera a Olympics ku Tokyo, dziko lonse lidaona katswiri wa ku Britain wodumphira m'madzi, Tom Daley, atakhala pakati pa oonerera akuluka ndi manja ake.

Kwa anthu a ku Angónia ndi Tsangano, kuluka si chinthu chachilendo. Madera amenewa ali pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera kunyanja yamchere, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi sichisewera ndi munthu. Amayi akhala akulukira ana zipewa, masokosi ndi majuzi kuyambira kale. Chimene dziko likuchitama lero chili kale m'manja mwawo. Vuto ndi lakuti ntchito imeneyi imagulidwa pamtengo wachipongwe.

Gwero la vutoli ndi kaunjika, amene m'Mozambique amatchedwa calamidade, dzina lotsalira kuyambira zaka za m'ma 1980, pamene zovala zakale zinkabwera ngati thandizo kwa ovutika ndi nkhondo ndi chilala. Nkhondo idatha mu 1992, koma mabelo sadaleke kubwera, adangosanduka malonda. Lero wogula akaona juzi loluka pamanja pamsika wa ku Ulónguè, amaloza mulu wa kaunjika n'kunena kuti uko juzi n'lotsika mtengo. Mayi woluka, poopa kubwerera nalo kunyumba, amalola ndalama yongobweza ulusi. Masiku amene adakhala pakhonde akupweteka maso ndi msana amapita pachabe.

Komatu pali mfundo imene oluka ambiri sadauzidwe. Zoluka za singano ziwiri, zimene pa Chipwitikizi amati tricô, makina amatha kuzipanga zambirimbiri pa tsiku limodzi. Koma zoluka za singano imodzi ya ngowe, croché, palibe makina amene amazipanga ndendende. Mafakitale amangopanga zofanizira. Choncho chovala chenicheni cha croché, kaya chili m'sitolo ya ku Lisboa kaya pamphasa ku Domué, chidalukidwa ndi zala za munthu. Chikamagulitsidwa motchipa, ndiye kuti munthu wina wagwira ntchito yaulere.

N'chifukwa chake woluka ayenera kuwerengera ngati mlimi wa mbatata ya kachewere, amene saiwala mbewu, feteleza ndi aganyu asanatchule mtengo wa thumba. Awerenge ndalama ya ulusi, ndalama ya ulendo wokagula ulusiwo, kenaka masiku amene wagwira ntchito. Tsiku limodzi loluka lisachepere ndalama imene munthu amalandira pa ganyu wa tsiku limodzi m'munda. Ngati mtengo sukufika pamenepo, kuli bwino chovalacho avale mwana wake.

Ena adzanena kuti anthu a kumudzi alibe ndalama yotere. Zimenezi n'zoona, makamaka m'miyezi ya njala. Koma si wogula aliyense ali wa kumudzi. Pa Zóbuè ndi pa Calómuè pamadutsa magalimoto tsiku ndi tsiku, ndipo msika wa Lizulu umasonkhanitsa anthu a mbali zonse ziwiri za malire. Aphunzitsi, anamwino ndi apaulendo ndi amene akufuna zipewa ndi zikwama za fashoni yatsopanoyi. Chithunzi chimodzi pa WhatsApp chimafika ku Tete, ndipo ndalama imabwera pa M-Pesa kapena e-Mola. Kwa anansi a m'mudzi, woluka angapitirize kuluka tizipewa ndi timasokosi ta makanda, timene sititenga ulusi wambiri kapena nthawi yaitali. Malaya a mabowo n'ngogulitsa kumzinda wotentha. Khanda la ku Tsangano limafuna choluka chothinana.

Chotsala ndi mgwirizano. Mayi mmodzi akakana mtengo wotsika, mnzake wapafupi n'kuulola, onse awiri aluza. Magulu a amayi a m'mipingo ndi a xitique angathe kugula ulusi pamodzi, kugwirizana mtengo umodzi ndi kuphunzitsa achinyamata, anyamata omwe. Akulu adati mutu umodzi susenza denga. Ogula nawonso aleke kunenerera ngati akugula zotola: amene amalipira mmisiri wa njerwa popanda kudandaula alipirenso mmisiri wa ulusi.